MAKINA M'KALASI YA SAYANSI: OFUFUZA ATI MWINI NKHANI NDI MPHUNZITSI

Tete — Mwana wa ku Dómuè, ku Tsangano kapena ku Furancungo akalowa sukulu ya sekondale amauzidwa kuti thupi lake, tsamba la chimanga ndi phiko la udzudzu, zonsezi zidamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, pa Chipwitikizi células. Mphunzitsi amajambula selo pa bolodi ndi choko. Mwana amakopera m'kope, amaloweza maina a zigawo zake, ndipo tsiku la mayeso amawabweza monga adawalandirira. Ana ambiri akumidzi amamaliza sukulu asanaonepo selo ndi maso awo, pakuti chida choonera tinthu totere, microscópio, m'masukulu ambiri akutali ndi tauni mulibe.

Masiku ano kukumveka mau akuti mankhwala a vuto limeneli ndi makina: makompyuta, matabuleti, foni za m'manja ndi intaneti. Nkhani yotere imafika mpaka pa misonkhano ya Conselho de Escola, pomwe makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'dera amakambirana za ndalama zochepa zomwe sukulu ili nazo. Funso lake n'lolemera, chifukwa ndalama zomwe zapita ku chida chimodzi ndi zomwezo zikadagula mabenchi kapena malata. Ndipo mwana amene walephera Biologia ndi Química watsekeredwa khomo la unamwino, la ulangizi wa zaulimi ndi la udokotala.

Akatswiri ofufuza za maphunziro akhala akulondola nkhaniyi kwa zaka zoposa 25, m'maiko olemera ndi osauka omwe. Zomwe apeza zikuloza kumodzi. Makina amathandiza pamene mphunzitsi waphunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito ndipo akudziwa chimene akufuna kuti mwana aone. Akangotulidwa pa sukulu ngati matumba a feteleza, phindu lake silioneka.

Zomwe zidachitika ku Peru

Peru ndi dziko la ku South America lomwe lili ndi midzi ya m'mapiri yovuta kufikako. Boma la dzikolo lidagula timakompyuta tonyamula m'manja toposa 800,000 n'kugawira ana a sukulu, pansi pa ntchito yotchedwa One Laptop per Child. M'chaka cha 2012 ofufuza a banki ya Inter-American Development Bank adatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo adatenga masukulu a pulayimale 319 akumidzi. Ena adalandira makompyutawo, ena sadalandire, ndipo kusankha kwake kudachitika mwa maere kuti pasakhale kukondera.

Patapita miyezi 15 ana onse adayesedwa. Omwe adalandira makina adadziwadi kutsegula kompyuta ndi kulembapo, ndipo pa mayeso ena oyesa kuganiza msanga adachitako bwino. Koma pa masamu ndi pa chilankhulo padalibe kusiyana ndi anzawo omwe adalibe kanthu. Aphunzitsi adangolandira maphunziro a sabata imodzi, masukulu ambiri adalibe intaneti, ndipo kaphunzitsidwe ka m'kalasi kadatsala momwe kadalili kale.

M'chaka cha 2015 bungwe la OECD, lomwe limayesa ana a zaka 15 m'maiko ambiri, lidalengezanso zofanana. Maiko omwe adawononga ndalama zochuluka pogula makompyuta a m'sukulu sadaone kusintha kwenikweni pa kuwerenga, masamu ndi sayansi. Ana ogwiritsa kompyuta mwa apo ndi apo ankachitako bwino kuposa omwe ankaigwira kawirikawiri kwambiri.

Lipoti la UNESCO la chaka cha 2023 lokhudza makina m'maphunziro lidaonjezera manambala ena. Pa dziko lonse lapansi, masukulu a pulayimale 40 okha mwa 100 alionse ndiwo adali ndi intaneti, ndipo sukulu imodzi ya pulayimale mwa zinayi idalibe magetsi. Lipotilo lidatinso ndi theka lokha la maiko lomwe lidali ndi ndondomeko yoonetsa zimene mphunzitsi ayenera kudziwa pa makinawa. Lidachenjezanso kuti foni ikamusokoneza mwana m'kalasi, pamatha kupita mphindi 20 asanabwezere maganizo ake pa phunziro.

Kuno kwathu

Dziko la Moçambique lidayamba ulendo umenewu lili ndi mabala. Pamene mtendere unkasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, masukulu a pulayimale oposa theka adali atagumulidwa kapena kutsekedwa. Makolo ambiri a m'malire muno adaphunzira afabeti ali othawa nkhondo m'midzi ndi m'misasa ya ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza. Ntchito yoyamba atabwerera idali kuumba njerwa ndi kufolera makalasi. Za laboratório zidayamba zadikira.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Centro de Informática ya Universidade Eduardo Mondlane idayamba kulumikiza masukulu angapo a sekondale ku intaneti, ntchito yomwe pambuyo pake idadziwika ndi dzina lakuti SchoolNet n'kupita m'manja mwa unduna wa maphunziro. M'chaka cha 2011 boma lidatulutsa Plano Tecnológico da Educação, ndipo phunziro la TIC lidalowa m'ndondomeko ya maphunziro a sekondale. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 lidakhazikitsa kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, ndipo m'chaka cha 2023 kalasi ya 7 idasamukira ku sekondale. Izi zikutanthauza kuti ana ochuluka kuposa kale akukumana ndi maphunziro a sayansi, ambiri a iwo m'masukulu omwe adamangidwa ngati a pulayimale.

Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, lomwe limatha kutulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo ogulitsidwa ku South Africa. Komabe midzi yambiri ya m'chigawo chomwechi nthambo sizidafikeko. Kumeneko sukulu imadalira mapanelo a dzuwa, ena oikidwa ndi Fundo de Energia, FUNAE, bungwe la boma lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1997. Panelo imakhalitsa, koma batire limatha pakapita zaka zochepa, ndipo likatha kompyuta imasanduka chokongoletsa tebulo la a director.

Mafuwa atatu

Magetsi ndi chipsinjo chimodzi chabe. M'chaka cha 1999 mayi Peggy Ertmer a pa Purdue University ku America adalemba kuti zopinga mphunzitsi zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa kunja: kusowa kwa makina, magetsi, nthawi ndi wokonza zikaonongeka. Mtundu wachiwiri uli mumtima mwa mphunzitsi mwini: mantha akuti achita manyazi pamaso pa ana, ndi chikhulupiriro chakuti kuphunzitsa n'kuyankhula pamene ana akulemba. Zopinga za kunja zimachoka ndi ndalama. Za mumtima zimatsalira ngakhale makina atafika.

M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a pa Michigan State University, a Punya Mishra ndi a Matthew Koehler, adafotokoza kuti mphunzitsi wogwiritsa makina ayenera kukhala ndi nzeru zitatu zolukana. Adziwe phunziro lake, adziwe kaphunzitsidwe ka ana, ndipo adziwe chida chomwe chili m'manja mwake. Zili ngati mafuwa a pamoto: limodzi likachoka, mphika umapendeka. Mphunzitsi wodziwa kompyuta koma wosamvetsa mmene magazi amayendera m'thupi angoonetsa ana zithunzi zokongola. Wodziwa Biologia koma woopa chida achitsekera m'kabati.

Nanga kaphunzitsidwe kabwino n'kotani? Yankho lina lidachokera kwa aphunzitsi a Biologia eni ake. M'chaka cha 2014 a Scott Freeman ndi anzawo a pa University of Washington adasonkhanitsa kafukufuku 225 wochitika m'makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya. Komwe mphunzitsi ankangoyankhula ophunzira ali chete, pafupifupi 34 mwa 100 alionse ankalephera. Komwe ophunzira ankapatsidwa mafunso, kukambirana m'magulu ndi kuyesa okha, olephera adali pafupifupi 22 mwa 100. Kafukufukuyu adachitika m'mayunivesite, koma mfundo yake imamveka ngakhale m'kalasi ya njerwa zosawotcha: mutu umagwira zomwe mwini wake wavutikira. Chida chabwino ndi chimene chimapatsa mwana chochita.

Microscópio ya pepala

Chida chimodzi chotere chidabadwa chifukwa cha mantha omwe mayi Ertmer adanena. A Manu Prakash, mbadwa ya ku India yophunzitsa pa Stanford University, adafika pa malo ena ofufuzira ku Thailand m'chaka cha 2011 n'kupeza microscópio yodula ili chikhalire. Anthu ankaopa kuigwira, poti ikadasweka mtengo wake udali woposa malipiro awo. Iwo pamodzi ndi wophunzira wawo, a Jim Cybulski, adaganiza zopanga ina yoti munthu asaiope.

M'chaka cha 2014 adalengeza chida chotchedwa Foldscope. Ndi pepala lolimba losanyowa lomwe munthu amalipinda yekha potsata mizere, n'kuikapo kagalasi kobulungira kochepa ngati njere ya mapira. Zipangizo zake zonse sizidafike dola imodzi. Chimalowa m'thumba la malaya, chikagwa pansi sichisweka, ndipo sichifuna magetsi, kuwala kwa dzuwa n'kokwanira. Mtundu wake wofala umakulitsa chinthu ka 140. Mphunzitsi akhoza kuchimata pa kamera ya foni yake kuti ana angapo aone pamodzi. Zida zotere zoposa 1 miliyoni zafalikira m'maiko oposa 130, ndipo boma la India lidazitumiza m'masukulu ndi m'makoleji ake.

Kukulitsa ka 140 n'kokwanira pa zambiri za m'buku la Biologia. Kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi kamaonetsa maselo atandandalika ngati njerwa za khoma. Kunsi kwa tsamba kuli timabowo tomwe mbewu imalowetsera mpweya ndi kutulutsira madzi. Munthu akapakapo utoto woyera wa m'zikhadabo, n'kuusenda utauma, timaboworo timaoneka bwinobwino. Dontho la madzi a pa dambo limaonetsa tizamoyo tikusambira uku ndi uku. Mwana amene waona zimenezi safunanso kukakamizidwa kuti akhulupirire zoti madzi ooneka oyera akhoza kudwalitsa.

Koma ofufuza adayezanso malire a chidachi. Ku Ghana adachiyesa pofufuza mazira a tizilombo ta likodzo mu mkodzo wa ana, n'kuyerekeza ndi microscópio ya kuchipatala. Mwa odwala 100 alionse, Foldscope yomatidwa pa foni idapeza pafupifupi 56. Enawo idawaphonya. Tizilombo ta malungo nato n'tochepetsetsa: ku laboratório ya chipatala amatiwona atapaka magazi mankhwala a mtundu n'kukulitsa ka 1,000. Choncho microscópio ya pepala ndi ya m'kalasi. Mwana wotentha thupi kapena wokodza magazi malo ake ndi ku centro de saúde.

Galasi limodzi laling'ono lisaderedwe. A Antonie van Leeuwenhoek a ku Delft m'dziko la Holland adali wogulitsa nsalu, sadapite ku yunivesite. M'chaka cha 1674 adayang'ana madzi a m'nyanja ina ndi kagalasi kamodzi komwe adapanga okha, n'kuona tizamoyo tomwe munthu adali asanationepo.

Akalulu a pa kompyuta

Pali zinthu zina zomwe ngakhale microscópio yodula singaonetse, chifukwa zimatenga zaka zambiri kapena n'zosaoneka konse. Apa ndi pomwe kompyuta ili ndi malo. A Carl Wieman, omwe adalandira mphotho ya Nobel ya Física m'chaka cha 2001, adayambitsa m'chaka cha 2002 ntchito yotchedwa PhET pa University of Colorado. Ndi timapulogalamu toposa 100 toyerekeza zoyesa za mu laboratório. N'taulere, tilipo m'Chipwitikizi, ndipo munthu akatikopera kamodzi komwe kuli intaneti timagwira ntchito popanda intaneti.

Kamodzi mwa ito kamaonetsa akalulu m'tchire. Mwana amasankha kuti ena abadwe ndi ubweya woyera, ena wofiirira, kenaka amalowetsamo mimbulu, nyama zonga agalu olusa. M'mphindi zochepa mibadwo ingapo imadutsa, ndipo akalulu ooneka patali amachepa pamene obisika ndi mtundu wa dothi amachuluka. Mwana akasintha malo n'kukhala oyera ndi chipale, zinthu zimatembenuka. Phunziro lakuti chilengedwe chimasankha otsala, lomwe limavuta kulimvetsa pa bolodi, limaoneka ndi maso.

Ofufuza a ku Colorado komweko adagawa ophunzira m'magulu awiri pa phunziro la magetsi. Gulu lina lidagwiritsa mawaya, mababu ndi mabatire enieni, lina lidagwiritsa pulogalamu. A pulogalamu adayankha bwino mafunso, ndipo atapatsidwa mawaya enieni adalumikiza msanga kuposa anzawo, chifukwa pa kompyuta ankaona mmene magetsi amayendera m'kati mwa waya. Komabe m'chaka cha 2013 akatswiri atatu, a Ton de Jong, mayi Marcia Linn ndi a Zacharias Zacharia, atasanthula kafukufuku wambiri mu magazini ya Science, adaonetsa kuti kuphatikiza njira ziwirizi ndiko kumapindulitsa koposa. Manja a mwana ayenera kugwira chinthu chenicheni, kompyuta n'kumuonetsa zomwe diso silifika.

Njovu za ku Gorongosa

Chodabwitsa n'chakuti phunziro lina lotchuka la Biologia m'masukulu a kunja lidachokera m'dziko lino. Ku Parque Nacional da Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, kudali njovu zoposa 2,500 nkhondo isanayambe. Pakati pa 1977 ndi 1992 zidaphedwa chifukwa cha minyanga ndi nyama, mpaka 90 mwa 100 zilizonse zidatha. Osaka minyanga ankasiya njovu zazikazi zobadwa zopanda minyanga.

M'mwezi wa Okutobala 2021 magazini ya Science idasindikiza kafukufuku wa a Shane Campbell-Staton ndi anzawo, mmodzi wa iwo mayi Dominique Gonçalves, mbadwa ya dziko lino yogwira ntchito ndi njovu ku Gorongosa. Iwo adapeza kuti nkhondo isanayambe, njovu zazikazi zopanda minyanga zidali 18 kapena 19 mwa 100. Mwa zomwe zidapulumuka, zopanda minyanga zidafika 51 mwa 100. Mwa ana aakazi obadwa nkhondo itatha, 33 mwa 100 alibe minyanga. Adapezanso kuti chibadwachi chimachokera kwa mayi, ndipo mwana wamwamuna amene wachitengera amafera m'mimba. N'chifukwa chake mwa ana atatu alionse a njovu yopanda minyanga, awiri amakhala aakazi.

Bungwe la ku America la Howard Hughes Medical Institute lidakonza makanema ndi maphunziro aulere pa nkhani ya njovuzi. M'chaka cha 2015 lidathandizanso kuyambitsa WildCam Gorongosa, pomwe makamera omangidwa pa mitengo m'nkhalangomo amajambula okha nyama ikadutsa, ndipo ophunzira a maiko akutali amawerenga nyamazo pa kompyuta n'kuthandiza ofufuza. Mkati mwa nkhalangomo mudatsegulidwa laboratório ya E.O. Wilson m'chaka cha 2014, ndipo kuyambira 2018 achinyamata a dziko lino amaphunziramo digiri ya mestrado ya kasamalidwe ka zachilengedwe.

Mwana wa ku America akuphunzira ndi njovu za ku Sofala pamene mnzake wa ku Macanga mwina sadamvepo nkhaniyi. Komatu kuti imufike sipafunika chipinda chodzaza makompyuta. Manambala atatu aja, 18, 51 ndi 33, akhoza kulembedwa pa bolodi, ana n'kufunsidwa kuti afotokoze okha chidachitika n'chiyani. Kanema wake akhoza kukopedwa pa foni ya mphunzitsi tsiku lomwe wapita ku Ulónguè kapena ku Moatize.

Wailesi ndi chilankhulo cha kunyumba

Makina akale kwambiri a m'kalasi ndi wailesi. M'chaka cha 1974 ku Nicaragua kudayamba njira yophunzitsira masamu pomwe mau a pa wailesi amafunsa funso, n'kukhala chete kuti ana ayankhe, mphunzitsi ali pomwepo kuwatsogolera. Ana a njira imeneyi adakhoza kuposa anzawo. Dziko la Zambia lidaitengera m'chaka cha 2000 ndi pulogalamu ya Taonga Market, ndipo Malawi adayamba yake ya Tikwere m'chaka cha 2008. Kuno masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro adaulutsidwa pa Rádio Moçambique, pa mawailesi a m'madera ndi pa TVM. Ku midzi yopanda magetsi ndi intaneti, wailesi ya mabatire ndiyo idali khomo lotsala.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Pulogalamu ya pa kompyuta ikhoza kukhala yabwino, koma imayankhula Chipwitikizi kapena Chingerezi, pamene mwana wa m'malire muno amaganiza m'Chinyanja. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma lidayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri pansi pa ntchito ya PEBIMO, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Oyendera adaona kuti ana ankayankha ndi kufunsa momasuka kuposa m'makalasi a Chipwitikizi chokha. Pa sayansi phunziro lake n'lomwelo. Mwana akaona chinthu pa foni kapena pa galasi, ayenera kuchifotokoza m'mau ake asanaloweze dzina lake la m'buku, ndipo womasulira pakati pa makina ndi mwana ndi mphunzitsi basi.

Laboratório ya kuseri kwa sukulu

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zambiri za Biologia zili m'munda ndi pa dambo, zikungofuna wozidekhera. Alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano amalima nyemba, soya ndi mtedza. Munthu akazula mbewu imodzi mosamala n'kutsuka mizu, amapeza timibulu tomatirira. Akang'amba kamodzi ndi lezala n'kupeza m'kati muli mofiirira, ndiye kuti mabakiteriya okhalamo akugwira ntchito yotenga nayitulojeni mu mpweya, chakudya chomwe mlimi amagula mu feteleza wa urea. Apa mwana amamvetsa chifukwa chomwe alangizi amanenera za kasinthasintha wa mbewu.

M'chithaphwi cha madzi a mvula muli timphutsi ta udzudzu. Ta Anopheles, wofalitsa malungo, timagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi. Ta Culex timalendewera mutu pansi. Botolo loyera ndi maso n'zokwanira kusiyanitsa. Pa madzi omwe muli nkhono pafunika kusamala: mphunzitsi atunge ndi chikho cha mpini wautali, ana asalowemo, chifukwa tizilombo ta likodzo timachoka mu nkhono n'kuboola khungu la munthu.

Mbozi yolowa pa nsonga ya chimanga, lagarta do funil, idaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016 ndipo idafika m'dziko lino m'chaka cha 2017. Ili ndi zizindikiro ziwiri zooneka ndi galasi wamba lokulitsira: chilembo cha Y chozondoka pa mutu, ndi madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi cha ku mchira. Ofufuza a PlantVillage pa Pennsylvania State University adapanga pulogalamu ya pa foni yotchedwa Nuru, yomwe imayang'ana tsamba kudzera pa kamera n'kunena ngati laonongedwa ndi mboziyi kapena ngati chinangwa chili ndi matenda, ngakhale popanda intaneti. Mphunzitsi wanzeru amayamba wafunsa ana kuti aweruze okha, foni n'kubwera pambuyo. Ikasiyana nawo maganizo, mkangano womwe ubuke ndiwo phunziro la tsikulo.

Anthu odziwa zinthuzi sali kutali. Ku Ulónguè kuli Faculdade de Ciências Agrárias ya Universidade Zambeze. M'madera muli alangizi a zaulimi, ndipo m'zipatala zina muli ogwira ntchito mu laboratório omwe amagwira microscópio tsiku ndi tsiku. Sukulu yomwe yawapempha mwaulemu ikhoza kupeza mlendo wodzayankhula ndi ana, kapena tsiku loti kalasi ikaone chida chenicheni.

Zofunsa chida chisanalandiridwe

Kuchokera pa kafukufuku yenseyu, pali mafunso omwe makolo a mu Conselho de Escola angafunse pamene boma, bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino wabwera ndi makina. Kodi aphunzitsi a Biologia, Física ndi Química aphunzitsidwa masiku angati, ndipo adzabweranso ndani kudzaona mmene zikuyendera? Kodi chidacho chithandiza pa mutu uti wa m'buku? Batire likatha kapena sikirini ikasweka, ndalama zichokera kuti, wokonza ali kuti? Kodi chimagwira ntchito popanda intaneti? M'kalasi ya ana 60 kapena 70, aliyense achigwira kangati pa mwezi, ndipo atsikana apatsidwa mpata wofanana ndi anyamata? Mphunzitsi wophunzitsidwayo akasamutsidwa, atsala ndani wodziwa?

Mafunso amenewa si mwano kwa wopereka. Safunsa adadya phula. Wobweretsa makina amene ali ndi mayankho ake adzakondwa kuwamva, ndipo amene alibe adzakhala atathandizidwa kuganiza bwino katundu asanatsitsidwe pa galimoto.

Kunyumba nakonso kuli gawo. Kholo lomwe silidaphunzire Chipwitikizi likhoza kufunsa mwana madzulo kuti lero waona chiyani, n'kumuuza afotokoze m'Chinyanja. Likhoza kumulola kuzula nyemba ziwiri m'munda kapena kutenga anyezi mmodzi pamene mphunzitsi wapempha. Chaka cha sukulu chimatsegulidwa mvula ili pakati. Pa nthawi imeneyo nyemba ndi soya zimakhala ndi timibulu ku mizu, mbozi imakhala pa nsonga ya chimanga, ndipo zithaphwi za m'mbali mwa msewu zimakhala zodzaza timphutsi. Mphunzitsi amene akufuna kuti ana ake aone zinthuzi ali ndi miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, madzi asanaphwe ndi mbewu zisanaume.